Tsiku Limene Ndinavina ndi Mwana wa Eni Kumsana

Nkhani iyi anzanga ogulitsa nanazi pa msika wa Chonde amaikamba mothira mchere wambiri, ndiye bola ndiulule ndekha. Konzekani kundiseka, manyazi ake ndinatha nawo kale.

Mwana wanga Tiyamike ali Folomu 3. Analemba chimangirizo pa mpikisano wa masukulu a m'dera lathu, ndipo anakhala nambala wani. Anafika pakhomo akupumira m'mwamba.

"Amayi, Lachisanu akatipatsa mphoto. Mubwere, koma ndapota nanu, musakachite zija munachita nditakhoza Sitandade 8."

Zijazo n'zakuti ndinam'bereka ndi chitenje n'kuvina naye mpaka kumsewu. Kwathu kuno mwana akakhoza timatero, nanga chimwemwe n'chobisa? Koma iye akuti anzake anamuseka temu yonse.

"Mukadzabwereza, sindidzakuitananinso kusukulu," anatero, nkhope ili gwa.

Ndinalumbira kuti ndikakhala phee ngati m'tchalitchi.

Tsono ine ndili ndi magalasi a maso. Mwendo umodzi unathyoka, ndinaumanga ndi ulusi wa thumba la feteleza. Popanda iwo, munthu ndi chitsa kwa ine n'chimodzimodzi. Koma m'mawa wa Lachisanulo ndinadziyang'ana ndili m'chilundu chatsopano, ndikuti ayi, mayi wa nambala wani sangakaonekere ndi ulusi kukhutu. Ndinawasiya pawindo.

Minibasi inachedwa, ndiye mu holo ndinapeza malo kumbuyo kwenikweni. Kutsogolo atsikana onse yunifolomu imodzi, mitu yonse yometa mofanana. Ahedi anaitana opambana atatu nthawi imodzi, ndipo dzina la Tiyamike ndinalimva bwinobwino. Ndinaona zithunzithunzi zitatu zikukwera pansanja. Wina anam'patsa kabokosi kangati sopo wochapira, wina envulopu, wina chikatoni choti anachita kuchikumbatira.

Ine ndine wa bizinesi. Nanazi wamkulu ndiye wodula. Nambala wani angalandire kasopo?

Lumbiro lija linatulukira pawindo. Ndinangozindikira nthungululu yatuluka yokha, miyendo ikuthamanga, chitenje chili m'manja. Ndinafika pa wachikatoni uja, n'kuwerama.

"Kwera!"

"Amayi, pepani, ine si..."

"Khala chete! Manyazi a chiyani? Kwera!"

Mwana waulemu, anakwera. Ndinamanga chitenje pachifuwa, dansi n'kuyambika. Holo yonse m'manja! Ndinamva kuti akulemera kuposa masiku onse.

"Iwe, wanenepa liti?"

"Amayi, nditsitseni, please!"

"Chizungu chakocho ukalankhule ndi ahedi!"

Posakhalitsa wina anandikoka chitenje. Mayi wamtali, mawu ngati wa kwaya.

"Achemwali, mwanayo mukupita naye kuti?"

"Inu, nsanje ayi! Kaberekeni wanu."

"Wangayo ndi ameneyo!"

"Eee, lero aliyense akufuna nambala wani! Mimba yake munandithandiza?"

Iye kukoka, ine kukoka, mwana pakati akungoti "Mami! Mami!" Ine n'kumanyada kuti sukulu yam'phunzitsa kunditchula mwachizungu.

Pamenepo ahedi anagogoda maikolofoni.

"Makolo, tikhazikike. Amene wapambana, yemwe walandira foni yophunzirira, atiwerengere chimangirizo chake."

Foni? Ndinayamba kumasula mfundo kuti mwana akawerenge. Ndisanamalize, zokuzira mawu zinalankhula.

"Mutu wa chimangirizo changa ndi wakuti, Amayi Anga."

Mawu amenewo sindifunira magalasi. Ndinawamva koyamba akulira kuchipatala, ndimawamva tsiku lililonse akupempha ya sopo. Anali a Tiyamike, ndipo sankachokera kumsana kwanga.

Ndinamaliza kumasula mfundo ija. Mwana wa eni anatsetsereka yekha n'kuthawira kwa mayi ake. Ndinaima pakati pa holo, chitenje m'manja, mtima ukundiwawa zenizeni. Ndinaswa lonjezo, ndiponso ndinaliswera pa mwana wolakwika. Ndinati basi, uyu sadzandiitananso.

Tiyamike anapitiriza kuwerenga.

"Amayi anga amagulitsa nanazi pa Chonde. Amadzuka kusanache kuti ine ndisasowe kope. Palibe munthu amene amandidziwa kuposa iwo. Angathe kundizindikira ngakhale pakati pa ana chikwi..."

Anaima. Holo inati zii. Ndinamva kuti akundiyang'ana, ndipo ndinadikira kuti alire.

"...akavala magalasi."

Anthu anagwa nako kuseka! Ahedi anachita kugwira tebulo, mayi wamtali uja anandikumbatira misozi ili mbwembwembwe. Tiyamike naye kuseka kunam'kanika kuletsa. Anatsika pansanja, kabokosi kake m'manja, n'kudzaima kumbuyo kwanga.

"Weramani, amayi. Mwavina ndi nambala thuu, ndiye nambala wani ayende pansi?"

Chiyambire tsikulo, ndisanaponye mwana kumsana ndimayamba ndam'funsa dzina.