Mahatchi Anga ndi Nkhokwe ya Apongozi

Amene anagwetsa nkhokwe ya apongozi anga ndine, sindikana. Koma musayambe kuseka musanamve za Che Bwanali.

Inali nthawi ya Chitaganya. Nditabwera kuchokera ku Halale ndi mthuthuthu wakale, ndinakalowa chikamwini kwa mkazi wanga Nabanda, kufupi ndi Sinda. Apongozi sanaukonde mthuthuthuwo. Anatuma Nabanda adzandiuze (mukudziwa inu, mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso) kuti iwo ankafuna mkamwini wa khasu, osati wa phokoso, ndipo ndikadzalakwanso ndidzanyamule bulangete langa. Koyamba ndinali nditaponda tambala wawo, ngakhale tambalayo ndiye anandiyamba.

Mthuthuthu utayamba kutsokomola pachitunda, ndinapita nawo ku Katete kwa Che Bwanali, Msilamu wa ku Nyasalande amene ankakonza njinga kuseri kwa masitolo. Mkuluyu anali ndi kayezedwe kake. Anakhazika njinga pachitsa kuti gudumu lakumbuyo lilendewere, n'kuchotsa tayala, n'kukoleka lamba wachikopa pa limu, chitsulo chokhalapo tayala chija. Mbali ina ya lamba anaikola ku sikelo yopachika pamtanda, mbali ina anamangako mwala. Injini ikulira, limu likuterereka m'lambamo, muvi wa sikelo n'kumasuntha. Iye diso pa muvi, khutu pa injini, msomali ukulemba pansi.

"Mphamvu yake ndi ya mahatchi atatu," anatero. Anatsuka kabuleta, anapala pulagi, n'kuyezanso. "Anayi tsopano, achimwene. Mphamvu yake yathera pamenepa."

"Yachinayiyo yachokera kuti, Che?"

"Inali momwemo, imangotsamwa ndi mwaye."

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma sikelo ndimaidziwa, ndagulitsapo mtedza. Sikelo ikakhala pakhomo pa mwini wake imayankha zofuna mwini wake. Ndiponso ndinaona kuti lamba uja sanamumange pa limu, ndipo Che ankamudonthezera madzi mwakachetechete. Ndinati mumtima, eya, pobera m'pamenepa! Ng'ombe mungaidziwe mphamvu goli lili losamanga?

Ndinabwereka sikelo kwa wogulitsa nyama, n'kudikira tsiku limene mudzi wonse unapita kudimba. Ndinazungulira kufunafuna mtengo wolimba wokolapo sikelo, ndipo maso anga (Mulungu awakhululukire) anagwera pa mwendo wa nkhokwe ya apongozi, yodzaza chimanga chatsopano mpaka kukamwa. Ndinakola sikelo pamenepo, n'kukhazika mthuthuthu pachitsa. Chingwe chachikopa chochokera ku sikelo ndinachimanga pa habu, pakati penipeni pa gudumu, mfundo ziwiri, ngati ndikumanga nkhunzi yolusa. Madzi? Ngakhale dontho. Ine sindiba.

Ndinaliza injini, ndinalowetsa giya, n'kupotokola mafuta onse. Gudumu linakulunga chingwe, muvi unalumpha mpaka kumapeto.

"Wandibera Bwanali!" ndinakuwa.

Ndisanatseke pakamwa, mwendo wa nkhokwe unabwera kudzandipatsa moni. (Chiswe chinali chitadyako kale, koma mfundo imeneyi palibe anafuna kuimva.) Nkhokwe inagwada, inaganiza pang'ono, kenako khuu! Mthuthuthu unadumpha pachitsa n'kukalowa m'khola la nkhumba wopanda wokwera. Ine ndinali m'chimanga mpaka m'chiuno, sikelo ili pachifuwa.

Apongozi anafika ndi mtanga wa mpiru pamutu. Mwambo umati ndiwathawe, koma ndithawe bwanji miyendo itakwiririka? Ndinangodziphimba kumaso ndi chipewa. Iwonso sanaphwanye mwambo. Anatembenukira kwa mbuzi imene inali itayamba kale kukukuta chisononkho.

"Idya, mwanawe," anatero. "Mnzako wakupakulira. Ukakhuta umuuze kuti pamudzi pano pagona chimodzi: iye kapena chinjinga chakecho."

Nabanda anandifukula ndi khasu. Atafika m'mawondo anaima. "Inu, musankhe ndisanamalize. Mukasankha njinga, ndikukwiriraninso."

M'mawa mwake Che Bwanali anatulukira ndi ngolo. Anayang'ana chingwe, mfundo zanga ziwiri, ndi muvi umene unakanirira kumapeto, n'kuseka mpaka kofiya inagwa kumutu.

"Achimwene, lamba amayenera kuterereka. Madzi aja ndi oti asapse. Apa simunayeze njinga, mwayeza nkhokwe."

Mthuthuthu unakwera ngolo, Che ataugula. Ine ndinatsala, n'kuluka nkhokwe yatsopano masabata awiri, apongozi akupereka malangizo kudzera kwa mbuzi yomwe ija.

Anthu amati ndinaphunzira kukhulupirira amisiri. Mwina. Koma patapita mwezi ndinauona mthuthuthu wanga pamsewu waukulu ukukwera chitunda, Che ali pamwamba, matumba awiri a mtedza kumbuyo, osatsokomola ngakhale kamodzi. Amenewo mahatchi anayi? Ine ndinawerenga asanu ndi limodzi. Ndipo mpaka lero palibe wandiuza kuti ndani anamutumira uthenga Bwanali kuti abwere ndi ngolo. Ndikamufunsa Nabanda, amangoti ndimwe tiyi asanazizire.