A Romano ndi Galasi Lawo Lalitali

Kuno ku Fonte Boa munthu akakupatsa moni ataima patali, timamufunsa kuti, "Kodi ndiwe mbale wa a Romano?" Malemuwa anali wojambula zithunzi wathu, koma sanajambulepo munthu ali naye pafupi. Ukawaitana ku ukwati, iwo ankakaima pachulu tsidya la msewu, mpaka chakudya ankachita kuwapititsira komweko.

Chinayambitsa zonsezi ndi galasi lalitali ngati munsi limene mphwawo anawabweretsera kuchokera ku Joni. Galasilo palokha linalibe vuto. Tsoka linadza tsiku limene anapeza ku Kalomwe kagalasi kena koika pakati pa makina ojambulira ndi galasi lalikululo. Ankakatcha dupulikadolo.

"Ndi aka," ankatero akukapukuta ndi malaya, "munthu wa ku Lifidzi ndimamugwira ndili pakhomo panga."

Kukoka kankakokadi, zakutali zinkabwera pafupi. Koma kankadya kuwala, ndipo kuno nyengo yozizira kuwala sitikhala nako kotaya. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, chithunzi chonse chinkavina. Pamene mlongo wanga Cacilda anakatenga zithunzi za ukwati wake, ine ndinali pomwepo.

"A Romano, mkwatibwi ndi uti apa?"

"Choyeracho."

"Nanga choyera chinachi?"

"Amenewo ndi a padiri mu mkanjo wawo wa Misa. Kapena mbuzi. Zonse zinalipo tsikulo."

"Bwanji osachotsa kagalasiko n'kusendera pafupi?"

"Munthu ukamuyandikira amavala nkhope ya pa bilyete, chiphaso cha boma chija," anayankha. "Munthu weniweni amapezeka patali."

Tinkadandaula, tinkatopa nawo, koma tinkawaitanabe. Ngakhale matelefoni ojambula atadzaza mudzi, ukwati wopanda a Romano pachulu unkaoneka ngati wozembetsa.

Ine ndinawafunira nkhani ina. Amayi anga, a Zeferina, sankafuna kujambulidwa. Ukangotulutsa telefoni ankadziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo kachithunzi ka pa bilyete yawo kanafufutika kalekale. Atayamba kutsokomola ndi kuwonda, ndinachita mantha. Ndinkafuna nkhope yawo itsale, ana anga adzadziwe agogo awo. Ndinaganiza kuti munthu wojambula ali patali ndiye angathe ntchito imeneyi.

"Musadandaule, a pulofesolo," anatero a Romano, poti kuno mphunzitsi ngati ine timamutchula choncho. "Sadzadziwa n'komwe."

Mudzi wonse unadziwa. Munthu wamkulu kubisala kuseri kwa nkhokwe ya eni, munsi wake utatulukira kunja, agalu akuuwa! Dzuwa likawala, amayi ali m'nyumba. Amayi akatuluka, nkhungu yatsika. Zinapitirira choncho mpaka tonse tinalema nazo.

Tsiku lina madzulo amayi anakhala pakhonde n'kukuwa.

"A Romano! Tulukani kumeneko, agalu atopa nanu. Bwerani mudye mbatata."

Anabwera mwamanyazi, anakhala pambali pawo, anadya.

"Jambulani tsono," anatero amayi, "mwana wangayu asiye kundiyang'ana ngati ndafa kale."

A Romano anakweza makina, anapotokola galasi uku, analipotokolanso uko, kenaka anausa moyo.

"Mayi, mwayandikira kwambiri. Galasili siliona pafupi."

"Ikani galasi lanu lakale lalifupi lija!" ndinakuwa ine.

"Lalifupi ndinasinthanitsa ndi dupulikadolo."

Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditulutse telefoni, koma amayi anandiona.

"Iwe, kachinthu kakoko kakhale momwemo. Ndalola munthu wamkulu, osati iwe."

Basi a Romano anayamba kubwerera chambuyo, diso lili m'makina. Anadutsa bwalo, anaponda nyemba zimene tinayanika, analowa m'munda, akuti, "Pang'ono pokha, mayi, musasunthe!" Kenaka anasowa. Anali atagwera m'ngalande, miyendo m'mwamba, koma makina atawakweza ngati mwana wa ubatizo. Amayi anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Pamene a Romano ankadzuka n'kupeza poima, dzuwa linali litapendeka kuseri kwa phiri, kuzizira kwayamba, amayi akudzuka kuti alowe.

Chithunzicho ndili nacho. Pakuoneka khomo lakuda, ndi chinthu chotuwa pambali pake. Amayi anatisiya mvula isanagwe.

Ndinakwiya, sindibisa. Lamulungu lililonse tikatuluka Misa ndinkapita kwa a Romano ndi chithunzicho kukawakalipira. Iwo ankamvetsera mpaka nditatopa, kenaka n'kunena:

"Pepalali ndi limene lakulakwirani, a pulofesolo. Ine m'galasimo amayi anu ndinawaona bwinobwino. Akamaseka, diso lakumanzere linkatsinzina kuposa linzake. Pansi pa khutu anali ndi kachipsera. Ndipo asanalowe m'nyumba anatembenuka n'kukuyang'anani inuyo, inu muli kalikiliki kundikalipira."

Ine mwana wawo, amene ndinakhala nawo moyo wanga wonse, kachipserako ndinali nditakaiwala. Lamulungu lotsatira ndinapitanso, ndipo anandiuza za mmene amayi ankagwirira chibwano. Patapita nthawi, kukalipako kunangosanduka moni. Ndinkayamba ndi, "Munandiwonongera, a Romano," iwo n'kundikokera mpando.

A Romano chibayo chinawatenga chaka chatha. Makina ndi magalasi onse mphwawo anabwerera nazo ku Joni. Masiku ano pa ukwati achinyamata amakuika telefoni pamphuno penipeni, zithunzi n'kutuluka zowala, thukuta lililonse likuoneka. Palibe amene amafunsanso kuti mkwatibwi ndi uti, ndipo palibenso choseketsa tikamaziona. Timangopatsirana, n'kubweza kwa mwini wake.

Lamulungu tikatuluka Misa ndimangolunjika kunyumba. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono, Anita, anatenga chithunzi chija n'kuloza chotuwacho.

"Ababa, agogo ankaoneka bwanji?"

Ndinayamba kumuuza za diso lija, koma ndinaima panjira. Lakumanzere kodi, kapena lakumanja? Ndinapezeka nditadzuka kale pampando kuti ndikawafunse a Romano.