Masamba Omaliza Adang'ambidwa

Lolemba
Chikalata chomwe amata pa mtengo wa magetsi pafupi ndi depoti chikunenetsa kuti sewero lidzayamba 2 koloko ndendende Loweruka, ku holo ya ku City Centre, ndipo lidzaonetsedwa lonse mpaka pamapeto. Ndi lomwe lija tidawerenga ku Folomu 4! Buku linali limodzi kalasi yonse, masamba omaliza atang'ambidwa kale. Aphunzitsi ankangoti, "Zakumapeto safunsa pa mayeso." Ine ndinkawerenga mawu a mwamuna, Tiwonge a mkazi amene akumanga katundu kuti azipita. Mpaka lero sindidziwa ngati mkaziyo adapitadi. Ndikufuna ndikaone, Tiwonge ali pambali panga.

Lachiwiri
Zochita:
kupeza nambala yake
kuchapitsa jekete
kupempha abwana andimasule Loweruka masana
Nambala wandipatsa Chikondi, mnzathu wa m'kalasi, amene pano amagulitsa machaja. "Aise, ujatu ndi bwana ku Capital Hill, amakhala ku Area 11. Usakamunene kuti iwe." Ndalemba uthenga wa "iwe". Ndafufuta. Ndatumiza wa "inu". Munthu woti tinkanyemerana chigumu chimodzi!

Lachitatu
Wawerenga, koma zii. M'shopu mulibe makasitomala, ndiye ndikuyeseza mawu anga kuseri kwa matumba a simenti. Onse ndikuwakumbukira. Mayi wina wofuna loko wandipeza ndikuchonderera wilibala kuti isandisiye. "Achimwene, kunyumba kuli bwino?"

Lachinayi
Wayankha! "Ndidzakhalapo ndithu. Zikomo pondikumbukira." Mawu oti "ndithu" andidyetsa tsiku lonse. Abwana avomera, bola ndidzagwire Lamlungu. Jekete yabwerako kochapitsa itafupika manja.

Lachisanu
Kwabwera bambo wina kudzagula misomali ndi penti, akuti ndi za pa siteji. Wamfupi, wamimba, wadazi. Akuti mwamuna wa m'seweromo ndi iyeyo. Zaka zonsezi m'mutu mwanga mwamunayo ndi wamtali, wowonda, wofatsa, wogwira ntchito m'shopu ya hadiweya. Ndamufunsa kuti limatha bwanji. "Mukaonere konko, bwana. Mukaseka mpaka nthiti kuwawa." Kuseka? Ife tikamawerenga, kalasi yonse inkakhala chete, ngakhale anyamata a kumbuyo.

Loweruka
Ndafika msanga, ndasunga mpando wake ndi jekete. Sewero silingayambe mlendo wolemekezeka asanakhale pansi, ndiye tikudikira. Dzuwa lapendeka, tikudikirabe. Kenako galimoto yaboma, tonse taimirira. Tiwonge! Abwana ake atanganidwa, amutuma kudzawaimirira.
Sofa kutsogolo. Pemphero. Malonje. Mawu a wapampando. Mawu a wachiwiri wawo. Kenako iye. Liwu ndi lomwe lija, lokokera pang'ono kwawo ku mpoto, koma likuwerenga za kutukula luso la achinyamata.
Sewero layamba. Wadazi akudzigwetsa dala, anthu akufa nako kuseka. Mawu anga akuwanena akukanda mimba. Mkazi atangogwira chikwama, wina kumbuyo wakuwa, "Pita, mayi iwe, utengenso poto!"
Tiwonge wanong'oneza wapampando. Taimiriranso, mlendo wolemekezeka akutuluka. Podutsa wandigwedezera mutu monga akuchitira aliyense, mwina mopitirirako pang'ono. Panja a mpingo wina, amene amachita lendi holoyi madzulo, akutsitsa kale zokuzira mawu.

Lamlungu
Ndili m'shopu, kubweza tsiku. Area 1 yonse ili kutchalitchi. Buku lija, ngakhale linali long'ambika, silinkadikira mlendo aliyense, ndipo mkazi wa m'menemo ankayang'ana ine.
Uthenga wabwera: "Pepani sitinacheze, ndinali ndi pulogalamu ina. Kodi linatha bwanji? Ndakhala ndikudzifunsa kuyambira ku sukulu."
Nanenso sindikudziwa.
Sewero lidayamba hafu 4. A mpingo adatitulutsa lisanafike ndi pakati pomwe.