Ndinamata Diso ndi Ulimbo

Mukaona nsidze yanga ya kumanzere ili mbee ngati bondo, musafunse anthu a ku malaini komwe timakhala antchito, amawonjezera. Imvani kwa mwiniwakene.

Chaka chomwe ndinayamba kudula nzimbe ku esiteti, phesi linandikwapula m'diso. Sindinalabadire. Patapita masiku anayi ndinayamba kuona ngati wina akutsitsa chinsalu chakuda. Adokotala a pakiliniki anaunika ndi tochi n'kunena kuti kachikopa ka kuseri kwa diso kamatuka, okamata ake ali ku Blantyre, ndipo ndikachedwa disolo lapita. Anandiphimba ndi thonje ndi pulasitala, nati lisatseguke mpaka ndikafike.

Koma kutentha kwa ku Chikwawa mukukudziwa. Ndisanafike n'komwe kunyumba, thukuta linali litagwetsa pulasitalayo. Ndinabwerera, anaika ina, inagwanso. Kachitatu ndinawalalatira (pakamwa panga sipachedwa) mpaka anandilozera khomo.

Sukulu ndinalekeza sitandade folo, koma zomata ndimazidziwa. Ulimbo wanga wa kachere sunaphonyepo mpheta. Nditautulutsa, mlamu wanga, Msena wa kwa Mbenje, anandigwira dzanja n'kundiletsa m'Chisena chakwawo.

"Nkhabe, mlamu. Diso si mbalame."

Ndinamuuza kuti asamale maso akewo. Ndinautafuna mpaka unafewa, n'kupaka kuzungulira thonje, kuyambira pansidze mpaka patsaya. Linagwira kuti gwa.

M'mawa mwake pasiteji, wa yufi wofunsa makhadi a chipani anangondiyang'ana n'kundipatukira. M'basi ndinakhala ndi mayi wina wonyamula nkhuku. Pokwera mapiri basi inagwedezeka, nkhuku n'kukupiza mapiko. Ku Blantyre ndinatsika ndili ndi nthenga kumaso, fumbi, ndi ntchentche ziwiri (imodzi ikadali moyo).

Kuchipatala namwino anayesa kukoka, ine n'kukuwa. Anaitana anzake kudzaonerera. Dokotala wa maso anafunsa amene wamata, ine n'kudzigunda pachifuwa.

"Achimwene, ife timamata m'kati," anatero osaseka. "Kadontho kamodzi kakanalowa m'disomu, bwenzi tikukubwezani kwanu opanda diso."

Anandithira mafuta ola lathunthu, ulimbo osagonja, mpaka anatenga lezala. Nsidze inapitira pomwepo.

Opaleshoni inatheka. Disolo likuona, ngakhale mwachimbuuzi pang'ono, ndipo nzimbe ndikudulabe. Potuluka anandimata pulasitala yawo ija, n'kugwa tisanawoloke mlatho wa Shire. Thonjelo ndinachita kuligwira ndi dzanja mpaka kunyumba. Kuti ndinapusa ndavomera, koma aliyense wonena kuti ulimbo wanga sunagwire ntchito abwere tidzakambirane panja.