Madzi a M'dimba la Bambo

Anzanga, ngati mukufuna kutukwana abale anu pagulu, yambani mwafufuza kaye komwe madzi a m'bafa mwawo amapita. Ndikunena ine amene zandichitikira.

Bambo anga atamwalira chaka chatha anandisiyira kadimba kuseri kwa nyumba yathu ku Zengeza, tauni ya kuno kudziko la anthu oyankhula Chishona. Ena amati ndi tchire, chifukwa nthochi, mapapaya, repu ndi chigwada zimamera mopanikizana, pansi ponse pataphimbiridwa ndi masamba ouma. Koma chodabwitsa n'chakuti mipopi ikauma, madimba a anthu n'kupserera, lathu limangokhala lobiriwira. Ine sindinathirirepo ngakhale chidebe chimodzi. Ndinkangothyola ndiwo, n'kumadya misozi ili mbwee, ndikuti, “Dzanja la bambo likukomabe.”

Tsono kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo anga, munthu wosayankhulayankhula. Pamaliro sindinawaone akulira. Patangopita masabata ochepa ndinawapeza akuyeza dimbalo ndi chingwe! Mtima wanga unaphulika. Ndinadziwiratu kuti akufuna kugwetsa nthochi, amange zipinda za maloja, anthu ochita lendi aja. Kuyambira pamenepo moni wanga sanaumvenso.

Ndiye kutchalitchi ndinakumana ndi a NaBanda a kudera lina la m'tauni muno lotchedwa Unit C, mayi wophunzitsa ulimi uja amati pemakacha, wosafuna feteleza, wosataya kanthu. Ine sukulu ndinalekezera panjira, dzinalo linkandipinda lilime, koma atafotokoza ndinati, “Aa, si za bambo anga zimenezo?” Nzeru inandibwerera: ndiitanitse msonkhano m'dimba mwathu, anthu aone kuti ndi chuma, tione ngati wina angayerekezenso kubwera ndi chingwe.

Ndinalengeza kutchalitchi, anthu odzipereka anabwera Loweruka m'mawa ndi makasu, mafosholo ndi piki, amayi ena atanyamula maheu. Abale onse ndinawaitana dala. Azakhali anabwera. Bambo aang'ono anangoti, “Ndiyambe ndasamba.”

Ine ndinavala ovolosi ya malemu ndi magambutsi awo. Bambo anali chimphona, ine ndine kamunthu, moti ndikamayenda gambutsi imatsala m'mbuyo n'kumanditsata. Ndinakwera pa kreti kuti ndilandire alendo. Kodi ndinalandira alendo? Ndinalalikira!

“Onani dimba ili! Mwini wake ali m'manda koma likubala. Amoyo mwachitapo chiyani? Ena pano amadziwa kuyeza malo a akufa basi!” Ndinkanena nditatembenukira kumpanda, ndikukweza mawu kuti afike kubafa.

Azakhali anandikoka mwendo wa ovolosi. “Iwe Yohane, tsika, wakwana.”

Sindinatsike. A NaBanda, pofuna kuziziritsa zinthu, anafunsa mwaulemu, “Achimwene, nanga chinyezi chonsechi chikuchokera kuti, poti mvula inasiya kalekale?”

Kodi munthu wanzeru sakanangoti sindikudziwa? Ine ndinati, “Bambo anakumba ngalande yobisika yosunga madzi a mvula. Ndikuonetsani.” Zoti kuli ngalande yotero ndinali nditangozimva kwa a NaBanda omwewo.

Anyamata anafuna kukumba pang'onopang'ono ndi fosholo, ine ndinawakankha. “Dothi la bambo anga ndikumba ndine.” Ndinalanda piki, n'kusankha pamene panali ponyowa kwambiri, pafupi ndi mpanda, n'kuikweza m'mwamba. Koyamba, dothi. Kachiwiri, gambutsi inavuka. Kachitatu, phwaa!

Madzi otentha, a thovu, onunkhira sopo wobiriwira uja wochapira, anandithira kumaso, m'kamwa, mpaka m'thumba la ovolosi. Ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope, phazi lopanda nsapato lili m'mwamba. Mtsikana wina anakuwa m'Chishona, “Maiwe, mukoma vanyura!” kunena kuti ndamira. Anthu anaseka mpaka maheu anatayika.

Kenaka pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa bambo aang'ono, thovu lili m'makutu, thaulo lili pakhosi.

“Ndani waswa paipi yanga?”

Onse anatembenukira kwa ine.

“Paipi yanu ikutani m'dimba la bambo anga?” ndinafunsa, ndikulavula sopo.

“Iwe, achimwene atayamba kudwala ankatha kunyamula chidebe? Ndinaika paipi kuti madzi osamba ndi ochapira a kwathu azibwera kuno. Anandiuza kuti nthochi zawo zisafe. Ukuganiza ndimasamba kawiri patsiku chifukwa ndikufuna mkazi wina?”

“Nanga chingwe chija?”

“Ndinkayeza paipi yoti ifike kumapapaya uko. Ukanandipatsa moni ndikanakuuza.”

Azakhali anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. A NaBanda anawomba m'manja. “Anthuni, pemakacha ndi imeneyi! Madzi osataya! Bambo, tabwerani mutiphunzitse.”

Basi msonkhano wanga unathera pomwepo. Gulu lonse linakhamukira kumpanda, bambo aang'ono akufotokoza za mchenga ndi makala zosefera madzi, ali chivalire thaulo, ine mwini msonkhano ndikufufuza gambutsi m'matope. Odzipereka aja ntchito anaipeza ndithu: kulumikiza paipi imene ndinaswa, n'kuifikitsa kumapapaya.

Pobalalika, bambo aang'ono anandipatsa mtolo wa repu, maso awo ali ofiira, kaya ndi sopo kaya n'chiyani. Anati, “Kaphike, mwanawe. Paja umati dzanja la bambo ako likukoma? Dzanja ndi lawo, koma msuzi ndi wanga.”

Mkwiyo ndikadali nawo, musandinamize kuti umatha, kungoti pano ndikusowa woti ndimukwiyire. Dimba lilipo, ndiwo ndimazitsuka kawirikawiri ndisanaphike, ndipo m'mawa uliwonse ndikamva madzi akuyenda pansi pa mpanda ndimakuwa, “Mwadzuka bwanji, bambo? Sambani bwinobwino!” Koma kukweranso pa kreti, kapena kugwira piki anthu akuona, ine ayi. Ngakhale mutandilonjeza magambutsi ondikwana.