Ulemu Wanga Unadwalitsa Kompyuta ya Apongozi

Pali tsiku limene ndinatuluka thukuta loposa la mu Okutobala kuno ku chigwa, chonsecho ndinali m'nyumba, pamthunzi, nditagwada kutsogolo kwa kompyuta ya apongozi anga.

Ine ndine mkamwini kwa Lundu. Apongozi anga aamuna, a Zuze, anali kalaliki ku esiteti ya nzimbe, ndipo atapuma ntchito anagula kompyuta yakale ya chibokosi chachikulu ija. Sankaonerapo mafilimu ayi. Ankalembamo mbiri ya banja lawo: mmene makolo anawolokera kuchokera ku Mozambiki, ndani anabala ndani, ndani anaikidwa kuti. Poyamba zonsezi zinali m'makope, koma madzi osefukira atanyowetsa makopewo mpaka inki kusungunuka, anayambiranso, kufunsa okalamba mmodzimmodzi n'kumataipa ndi chala chimodzi. Ambiri mwa okalambawo pano anatisiya. Ndiye mundimvetse, zimene zinali m'bokosimo kunalibenso kwina kulikonse.

Vuto lake, kompyutayo inali yaulesi. Ukaiyatsa unkatha kupita kukasamba n'kubwerako iyo isanatsegule maso. Tsono ine, munthu amene ndinaphunzirako kompyuta miyezi itatu yathunthu (satifiketi ilipo, kungoti chiswe chinadya pomwe panali dzina), ndinatuma mkazi wanga Esinta kuti akauze bambo ake kuti matendawo ndikuwadziwa. Pankafunika kuwonjezera ramu, kachipangizo kobiriwira kotalika ngati chala kamene kamathandiza kompyuta kuganiza msanga. Kunena zoona ndinkafuna kutchuka. Zaka zinayi pamudzipo ndinkangodziwika kuti "amuna a Esinta," ndipo ndi apongozi tinkangopatsana moni chapatali, monga mwambo unenera.

Yankho linadzera mwa Esinta yemweyo. Akuti ayese, koma mosamala. Mawu akuti mosamalawo ndi amene anandipweteketsa.

Ramuyo ndinakagula ku Nchalo kwa mayi wina wokonza makompyuta. Loweruka mmawa, apongozi atapita kudimba, ndinatsitsa bokosilo pashelefu, ndinamasula chivindikiro, n'kuzula ramu yakale kuti ndiyerekeze ndi yatsopano. Zinali zofanana. Ndinazilowetsa zonse ziwiri m'timipata take mmene munthu amaperekera madzi kwa mlendo wolemekezeka: manja awiri, pang'onopang'ono, osagwedeza. Chinthu cha apongozi sukankha.

Ndinadina batani. Fani inazungulira bwinobwino, bokosi linalira kuti piii, piii, piii, koma sikirini inangokhala bii.

Choyamba ndinanamizira magetsi, poti ndiwo timayamba kunamizira tonse. Koma babu linali likuyaka. Ndinasintha soketi. Piii. Ndinakabwereka waya kwa aphunzitsi oyandikana nafe, n'kuwanamiza kuti wathu wadyedwa ndi makoswe. Piii. Kenako ndinaganiza kuti mwina yatenthedwa, pakuti kutentha kwa kuno ngakhale mbuzi zimasowa mtendere. Ndinaikhazika pasimenti n'kuyamba kuikupiza ndi chivindikiro cha ndowa (Esinta akuti ndinkaiyankhulanso, koma zimenezo ndikukana).

Nzeru zitandibwerera pang'ono ndinati basi, tibwerere kumene tachokera. Ndinazula ramu yatsopano, ndinazulanso yakale n'kuiuzira fumbi, ndipo ndinaibwezeramo yokha, mwaulemu womwe uja. Ndinadina batani ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti iyaka mwaulesi ngati kale. Piii, piii, piii.

Kompyuta imene mmawa inali yongochedwa, tsopano inali yosadzuka. Esinta anafunsa ngati mayina akadalimo, ndipo ndinamuyankha kuti alimo ndi mawu amene ine ndemwe sindinawakhulupirire. Ndinayamba kuganiza za msewu wa kwathu kwa Makhuwira, komanso zimene ndikawauze amalume akandiona ndikutsika njinga ndi chikwama.

Dzuwa lili paliwombo apongozi anatulukira, khasu paphewa. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kompyuta yawo ili yasa, timisomali tili m'sosala, mkamwini ali chogwada. Esinta anafotokoza m'Chisena, mofulumira, maso ali pansi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo bola akanandikalipira. Iwo anangokhala pampando, navula chipewa, n'kuuza mwana wawo motsitsa mawu:

"Muli mayina amene anandiuza azakhali sabata imene anamwalira. Amenewo sindingawakumbukirenso."

Sindinamvepo chisoni chotere chifukwa cha chinthu chimene ndachita ndi manja anga. Kutchuka konse kunandithera, ndinangofuna kuti mkuluyo apezenso azakhali ake. Ndinameza manyazi n'kuimbira mayi wa ku Nchalo uja, foni ili pa sipikala kuti aliyense amve kuti sindikubisa kanthu. Anandiuza kaye kuti zolemba sizikhala mu ramu, zili kwina ndipo sizinakhudzidwe. Kenako anafunsa ngati polowetsa ramuyo ndinamva ikulira kuti khwa, timano ta m'mbali n'kudzitsekera tokha. Ndinati ayi, ndinangoikhazika bwinobwino.

"Achimwene, zimitsani, muikanikize ndi zala zazikulu ziwiri mpaka ilire."

"Mayi, ndi ya apongozitu iyi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kompyuta sidziwa apongozi. Kanikizani!"

Ndinayang'ana Esinta, Esinta anayang'ana bambo ake. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi a Zuze anayankhula ndi ine mwachindunji, osadzera mwa munthu.

"Kanikizani, bambo."

Ndinatsinzina n'kukanikiza. Khwa! Ndinali wotsimikiza kuti ndathyola, koma timano tija tinali titatseka. Ndinateronso ndi yatsopano ija. Nditadina batani bokosi linalira kamodzi kokha, kaphokoso kakafupi, sikirini n'kuwala. Inayaka msanga moti Esinta, amene anatembenuka kuti akatunge madzi akumwa, sanafike n'komwe pamtsuko.

Apongozi anakoka mpando, navala magalasi. Anatsegula mbiri ija n'kumatsika pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa mayina a azakhali anawapeza onse alimo, ndipo anawawerenga kawiri. Ine ndinayamba kutolera timisomali mwakachetechete kuti ndizemberepo, koma anandikodola kuti ndikhale pafupi. Anatsika mpaka kumapeto, pa dzina la Esinta, pomwe pambali pake panalibe chilichonse.

"Bambo anu dzina lawo ndani? Nanga agogo anu?"

Ndinawauza, iwo akutaipa ndi chala chawo chimodzi chija. Pa mayi wa agogo anga ndinakakamira, sindinkawadziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndipite kwathu ndikafunse anthu akadali moyo, ndipo mzerewo ausiya wotsegula.

Lolemba lake ndinagula mafulashi awiri, tizipangizo tosungiramo zolemba za pakompyuta, ndipo mbiriyo tsopano ili malo atatu. Ndaphunzira kuti pali zinthu zina zimene ulemu wake ndi kuzikanikiza, ngakhale kuti pamudzipo nkhani imene inafala ndi yokupiza kompyuta ija basi. Kwathu ndinapitadi. Amalume atandiona ndikutsika njinga anafunsa ngati andithamangitsa. Ndinati ayi, andituma dzina.