Mawu Alowe, Tambala Atsale

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poopa milandu, munali a Chikadza, bambo amene anagwirapo ntchito ya ulonda pa ofesi ina m'tauni. Kumeneko anachita chidwi ndi pulogalamu yoteteza kompyuta. Imelo ikabwera ndi chomata chokayikitsa, monga chithunzi kapena chikalata, pulogalamuyo inkalowetsa mawu okha, chomatacho n'kuchitsekera pachokha poopa vayirasi. Atabwerera kumudzi, a Chikadza anamanga chipata n'kudzidzoza kukhala Mkulu Wofufuza Zimene Alendo Anyamula. Lamulo linali limodzi: mawu alowe, katundu atsale m'khola mpaka afufuzidwe. Kufufuzako sikunkatha.

Amene lamuloli linawadya moyo anali mayi Nangozo. Pa dziko lapansi ankangofuna chinthu chimodzi: mwana wawo Mwatitha akwatiwe mwaulemu, pa chinkhoswe choona anthu. Mwamuna anapezeka, mlimi wakhama, ndipo ankhoswe ake anafika pachipata atakupatira tambala monga mwa mwambo.

"Mawu anu alowe," anatero a Chikadza, "koma tambalayu atsale. Sitikudziwa chimene wameza."

Mayi Nangozo anagwada. "Achimwene, chinkhoswe chopanda tambala munachionapo kuti? Musandichititse manyazi chonde."

"Mayi, zoopsa zimabwera zitavala nthenga zokongola. Ndikuteteza inu nomwe."

Ankhoswe anabwerera atakwiya. Ankhoswe a mwamuna wina anadzabwera ndi tambala wawo, naye anatsekeredwa. Khola linadzaza, moti m'mudzimo kunkacha mwaphokoso kuposa midzi yonse, koma ukwati kunalibe.

Tsiku lina kunatulukira njonda ya nsapato zosongoka, manja ali m'thumba. A Chikadza anaisecha, osapeza ngakhale singano, ndipo anaigwira chanza n'kulengeza kuti mlendo wabwino chotere sanamuonepo. Sabata isanathe, njondayo inathawitsa Mwatitha dzuwa likuswa mtengo, kudzera pachipata pomwepo. Mayi Nangozo anathamangira kwa Mkuluyo akulira.

"Ife timafufuza zolowa," anayankha modekha. "Zotuluka si gawo lathu."

Chinkhoswe chinathera pomwepo. Mayiwo anawonda ndi chisoni, maso ali kunjira. Chaka chitatha anamva kuti Mwatitha ali pachipata, njonda ija itamuthawa. Ukali wonse unawathera, anangofuna kumuona. Anamupeza ataonda, fumbi lili mbuu, kumsana atabereka khanda. Mayi Nangozo anatambasula manja kuti alandire mdzukulu wawo, koma a Chikadza anatsekereza ndi ndodo.

"Mwatitha alowe, ndi wathu," anatero. Kenako analoza khandalo. "Koma ichi chitsale. Amene anachitumiza sitikumudziwa."